Sitima Yachisanu Pandandanda

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

Kaya muli pamoto mukudikira madzi a tiyi, kaya muli m'minibasi kupita kuntchito, ndiloleni ndikutengeni ulendo wautali pang'ono, wa kunyanja ya mchere, kumene kumayenda sitima zomwe munthu ukaziona koyamba umayesa phiri lazuka.

Nkhani yanga inayambira pafoni. Ndili ndi alamu anga amene amakhala ku Britain, kumene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Iwo ndi amuna awo anasunga ndalama zaka zitatu kuti adzakwereko imodzi mwa sitima zija zongoyendetsa anthu kukaona malo. Sitima zimenezi zimayenda usiku anthu ali m'tulo, m'mawa zimakocheza padoko la mzinda wina, alendo amatsika kukazungulira, madzulo zimaliza lipenga n'kunyamukanso. Ulendo wa alamu anga unali wa pa nyanja ya Mediterranean, koma mtima wawo wonse unali pa chilumba chimodzi, Santorini, ku Greece, kuja kuli nyumba zoyera mbee zomangidwa pamwamba pa thanthwe lalitali loyang'ana kunyanja.

Kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke, anandiimbira, mawu ali okhumudwa. "Alamu, zativuta. Tsiku limene tikafike ku Santorini kukakhalanso sitima zina zinayi. Anthu akangoti mbwee, sitikaona kanthu."

Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji za sitima za eni ake. Anandifotokozera kuti palibe chinsinsi. Makampani a sitimazi amasungitsa malo padoko chaka chimodzi kapena ziwiri nthawi isanakwane, akuluakulu a madoko ambiri amatulutsa ndandanda yake, ndipo pa intaneti pali amene amasonkhanitsa ndandanda zimenezi. Ukalemba dzina la doko ndi tsiku, zimabwera zonse: dzina la sitima, ola lofikira, ola lonyamukira, ndi chiwerengero cha anthu omwe imanyamula. Komanso sitima zikuluzikulu zili ndi makina otchedwa AIS, omwe amalengeza nthawi zonse pamene sitimayo ili, moti munthu ali pakhonde pake atha kuiona pamapu ikuyenda.

Ananditumizira chithunzi cha ndandandayo. Ndinawerenga mizere ndi chala. Umodzi, iwiri, itatu, inayi, isanu. Ndinati, "Alamu, ine ndikuona zisanu." Anakhala chete kamphindi, kenako n'kuti, "Aaa, yachisanuyo ndi yathu." Nditayang'ana mbali ya ziwerengero, yawoyo ndi imene inali ndi anthu ambiri kuposa zonse.

Musawaweruze alamu anga. Ndi munthu wachifundo, tsiku lililonse amasambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena. Ngakhale kuyang'ana ndandanda kuja kunali kwanzeru, chifukwa amuna awo ali ndi bondo lovuta ndipo sangaime pamzere maola awiri dzuwa lili pamutu. Munthu wanzeru amafunsa za njira asananyamuke. Chimene chinandigwira mtima ndi kawerengedwe kawo. Anaona sitima zinayi zodzaza ndi chikhamu, yachisanu inali yodzaza ndi iwo okha ndi amuna awo. Ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku lomwelo, m'nyumba ina ku Germany kapena ku America, munthu wina ankayang'ana ndandanda yomweyo n'kumadandaula za sitima zinayi, ya alamu anga ili m'gulumo. Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu.

Kuti timvetse kukula kwa nkhaniyi, tiyambe ndi za kwathu zomwe tikuzidziwa. Amene munakhalako ku Nkhata Bay kapena ku Likoma mukudziwa kuti tsiku lofika Ilala si tsiku wamba. Sitima ija, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, ikangoonekera, gombe lonse limadzuka, ogulitsa, onyamula katundu, odzachingamira abale. Komatu Ilala imanyamula anthu mazana angapo chabe. Icon of the Seas, yomwe inayamba maulendo ake mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami, ndi yaitali mamita pafupifupi 365, kuposa mabwalo atatu a mpira mutawalumikiza. Ikadzaza imatenga alendo 7,600 ndi antchito 2,350. Ndi tauni yathunthu yoyandama pamadzi. Si zonse zazikulu choncho, komabe sitima ya anthu 3,000 kapena 4,000 masiku ano ndi wamba.

Tsono taganizani za Santorini. Chilumbachi ndi chotsalira cha phiri lomwe linaphulika kalekale, pakati pake n'kulowa nyanja. Okhalapo ndi anthu pafupifupi 15,000. Sitima zazikuluzi sizifika pagombe, zimaima pakati pa madzi, ndipo maboti ang'onoang'ono ndi amene amatuta anthu. Ambiri amatsikira pa kadoko kakale kamene kali m'munsi mwa tauni ya Fira. Ukaima pamenepo n'kukweza maso, tauni ili kumwamba, thanthwe lili njoo pakati panu. Njira zokwerera n'zitatu. Pali timagaleta toyenda pa chingwe, tisanu ndi kamodzi, kalikonse kotenga anthu asanu ndi mmodzi, ndiye kuti anthu 36 pa ulendo umodzi. Pali masitepe pafupifupi 600 okhotakhota. Ndiye pali abulu, omwe amakwera masitepe omwewo atabereka munthu, kutsika, kukweranso, tsiku lonse. Mu 2018 boma la Greece linachita kuika lamulo loti bulu asamasenzetsedwe zoposa makilogalamu 100. Lamulo lotere silibadwa popanda chifukwa, panali misana ya zilonda yomwe anthu anaiona.

Ndiye tengani anthu masauzande khumi ndi kuwatsitsa pa kadoko kameneko pakati pa 8 koloko ndi 11 koloko m'mawa.

Apa mpamene ndinayamba kufunsa funso lina: kodi ndandanda ija amaiwerenganso ndani? Alamu anga ankaiwerenga kuti tsiku lawo limodzi lisaonongeke. Koma pali anthu amene amaiwerenga masiku onse a nyengo yotentha, chifukwa moyo wawo wamangidwa pa iyo. Wophika buledi amafuna kudziwa kuti akande ufa wochuluka bwanji. Mayi wa malonda a timphatso amafuna kudziwa ngati aitane mwana wa achemwali ake kudzathandiza. Mwini bulu amadziwiratu kuti mawa chiweto chake sichipuma. Gogo amene ali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala amafuna kudziwa ngati basi ikhale ndi malo. Mu Julaye 2024 khansala wina wa pachilumbachi analemba pa intaneti kupempha eni mudzi kuti achepetse kuyendayenda, chifukwa tsiku limenelo kunali kubwera alendo a m'sitima 17,000. Anthu anakwiya, uthengawo unachotsedwa. Ine ndikuwamvetsa. Timati mlendo ndi mame, ndipo mwambiwo umatiphunzitsa kumupirira mlendo chifukwa sachedwa kupita. Koma anauyambitsa ankanena za mlendo mmodzi, wogona pamphasa yako masiku awiri. Sankaganiza za alendo oposa eni mudzi, ofika m'mawa uliwonse, mpaka mwini nyumba kuuzidwa kuti akhale m'kati kuti alendo adutse bwino. Tsopano akuluakulu a chilumbachi anaika malire a alendo a m'sitima 8,000 patsiku, ndipo kuyambira 2025 boma la Greece limalipiritsa aliyense wotsika pamenepo mayuro 20 m'miyezi ya alendo ambiri.

Mizinda ina inachitanso zake. Ku Venice, sitima yotchedwa MSC Opera inalephera kuima pa 2 Juni 2019 n'kukagunda doko ndi sitima ina yaing'ono m'ngalande ya Giudecca, ndipo kuyambira pa 1 Ogasiti 2021 boma la Italy linaletsa sitima zikuluzikulu kudutsa m'ngalandemo. Ku Dubrovnik, dziko la Croatia, anachepetsa chiwerengero cha sitima zofika patsiku.

Koma wina angamve ngati ndikunena kuti anthu a m'madokowa sakufuna alendo. Ayi, ndipo mzinda wa Juneau, likulu la Alaska, ndi mboni. Kumeneko kulibe msewu wolumikiza mzindawu ndi madera ena, umafikako pamadzi kapena pandege. Okhalamo ndi pafupifupi 32,000, koma mu 2023 analandira alendo a m'sitima oposa 1.6 miliyoni. Anthu a ku Juneau akudziwa phokoso la ndege za helikopita zopita ndi alendo kukaona madzi oundana, akudziwa kuthithikana kwa m'misewu. Akudziwanso chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa sitima zazikulu zonse, doko n'kukhala zii, mashopu otseka, achinyamata opanda ganyu. Choncho mu Okutobala 2024, atafunsidwa pa voti ngati akufuna kuti Loweruka lililonse sitima zazikulu zisamabwere, ambiri anakana. Walira mvula walira matope, iwo akudziwa. Chimene anali atachita kale ndi kukhala pansi ndi makampani n'kugwirizana: sitima zazikulu zisapose zisanu patsiku kuyambira 2024, ndipo kuyambira 2026 alendo asapose 16,000 patsiku, Loweruka 12,000. Ine ndimaona ulemu m'pangano limeneli. Kampani iliyonse inayenera kuvomereza kuti nayonso ili pandandanda, kuti vuto si sitima za anzawo zokha.

Kuvomereza kumeneku n'kumene kumativuta tonsefe, ngakhale amene sitidzapondamo m'sitima yotere. Madzulo galimoto zikathithikana pamsewu timaimba foni kunyumba kuti, "Ndichedwa, magalimoto achuluka," ngati kuti yathuyo ndi mbalame. Kuchipatala timati, "Anthu adzaza," ife tili pabenchi pomwepo. Timayang'ana phiri lomwe linali ndi mitengo tili ana n'kupukusa mutu kuti anthu aononga, thumba la makala lili kukhitchini kwathu. Sindikunena kuti tileke kuphika kapena kupita kuchipatala. Alamu anga nawonso sanalakwe kufuna kuona Santorini atagwira ntchito yowawa zaka zonsezo. Koma munthu amene wadziwerengera amayenda mosiyana. Pamzere sakankha. Wogulitsa akachedwa kumubwezera chenji samukalipira, chifukwa akudziwa kuti ndi kasitomala wa nambala mazana atatu kuyambira m'mawa. Pakhomo la eni ake salowetsa mutu kuti ajambule chithunzi. Akaona bulu wotopa, miyendo ali nayo, amakwera masitepe.

Alamu anga anapita, ndipo atabwerako anandiimbiranso. Za chikhamu anali atanena zoona. Amuna awo anatsala m'sitima chifukwa cha bondo lija, iwo anaima pamzere wa timagaleta kupitirira ola limodzi. Koma nkhani imene anathera nayo nthawi yaitali pafoni inali ina.

Pa tebulo lawo la chakudya chamadzulo ankawaperekera mbale mnyamata wina wa ku Philippines. Antchito a m'sitimazi ambiri amachokera kumeneko, ena ku Indonesia ndi ku India, ndipo amakhala panyanja miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa osaona kwawo, akugwira ntchito masiku onse a sabata. Usiku woti mawa lake afika ku Santorini, mnyamatayu ankangomwetulira, mpaka alamu anga anamufunsa chomwe chamukondweretsa. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa ndandanda yomwe ija, ya tsiku lomwe lija, mizere isanu. Analoza mzere wachitatu. Mkazi wake ankagwira ntchito yochapa zovala m'sitima imeneyo. Awiriwa anali atafufuza ndandanda za madoko onse a ulendo wawo, tsiku ndi tsiku, ndipo m'miyezi isanu ndi iwiri anapeza tsiku limodzi lokha limene sitima zawo zidzaime pamalo amodzi. Anali atapempha kwa abwana ake maola awiri masana, mnzake wina n'kuvomera kumugwirira ntchito.

"Alamu," anatero alamu anga, "sitima imene ine ndinkapemphera kuti isinthe njira ndi yomweyo."

Masana akutsika kuchokera ku Fira anamuona mnyamata uja pa kadoko kaja. Anali atavula yunifolomu, atavala malaya oyera osita bwino. Anthu ankamudutsa mbali zonse, ena akumugunda ndi zikwama, iye osasuntha. M'manja ananyamula kajumbo, m'menemo muli zipatso ziwiri ndi botolo la madzi. Boti lililonse lochokera ku sitima yachitatu likamayandikira ankaima chala, khosi atalitalikitsa, kuyang'ana nkhope imodziimodzi ya otsika. Maboti awiri anadutsa opanda mkazi wake. Alamu anga anasiya boti lawo kuti lipite, n'kukhala pakhoma kudikira nawo lachitatu.

(Nyimbo ikwere)