Magazi ngati mboni pa mlandu wa chakudya choletsedwa

Munthu akadya kanthu n'kutuluka ziwengo, kutupa milomo kapena kubanika, anthu amati chakudyacho chamuwenga. Mawuwa amaika mlandu pa chakudya. Achipatala amauika pa thupi: amati chitetezo cha m'thupi chalusira chinthu chimene ena onse amadya popanda vuto, ndipo kulusako kumasiya chizindikiro m'magazi chomwe chingayezedwe. Apa pamabuka funso limene labotale singalithe yokha. Ngati magazi angasonyeze kuti thupi likukana chakudya, kodi angagamulenso ngati mwiko wa makolo kapena lamulo la mpingo loletsa chakudyacho lili loona?

M'boma la Luangwa, limene ambiri amalitchulabe kuti Feira, funsoli si la m'mabuku. Tauniyi ili pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi, moyang'anizana ndi Zumbo ku Mozambique ndi Kanyemba ku Zimbabwe, ndipo nsomba ndiyo ndiwo, ndiyonso ndalama. Koma si nsomba iliyonse imalowa m'mbale ya aliyense. Munthu amene wapatsidwa mankhwala ndi sing'anga nthawi zambiri amauzidwa kusala mlamba, nkhumba kapena therere, kuopa kusukulutsa mankhwalawo. Tsidya la Zambezi, kwa Akorekore, munthu sadya nyama ya mtundu wake, imene iwo amati mutupo. Wa Nzou sakhudza nyama ya njovu, ndipo amakhulupirira kuti wophwanya mwambowu mano amaguluka kapena khungu limawonongeka. A mpingo wa Seventh-day Adventist nawo sadya mlamba, koma chifukwa chawo n'china: mutu 11 wa Levitiko umaletsa zam'madzi zopanda mamba. Akatolika, amene mishoni yawo ya Katondwe inakhazikitsidwa ndi aJezuiti atathamangitsidwa ku Mozambique m'chaka cha 1910, alibe nsomba yomwe amaiyesa yodetsedwa. Choncho mlamba umodzi womwewo, wowedzedwa m'mawa umodzi, kwa wina ndi ndiwo, kwa wina ndi tchimo, kwa winanso ndi chosukulutsa mankhwala. Ndiye pali wachinayi, amene akangoulawa nkhope imatupa.

Sayansi ya nkhaniyi nayonso inayambira pa nsomba. M'chaka cha 1921, ku Breslau, dokotala Heinz Küstner ankawengedwa ndi nsomba yophika. Mnzake Carl Prausnitz, amene nsomba sinkamuwenga, anatenga madzi a m'magazi a Küstner n'kudzibaya nawo pakhungu, ndipo atabayaponso madzi a nsomba tsiku lotsatira, pamalo pomwepo panatupa ndi kufiira. Zinaonekeratu kuti chowengetsa chili m'magazi ndipo chingasamutsidwe kuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake. Chinthucho chinadzadziwika patapita zaka zoposa 40, pamene Kimishige ndi Teruko Ishizaka ku Denver, komanso Gunnar Johansson ndi Hans Bennich ku Uppsala, anachipeza m'zaka za 1966 ndi 1967. Mu 1968 chinapatsidwa dzina lakuti IgE.

IgE ndi gulu limodzi mwa magulu asanu a asilikali a m'magazi amene amazindikira zolowa m'thupi, ndipo ndilo lochepetsetsa mwa onsewo. Asilikali amenewa amakakamira pa maselo ena a pakhungu, m'mphuno, m'mapapo ndi m'matumbo. Chinthu chimene amachidziwa chikabweranso, maselowo amatulutsa histamine ndi mankhwala ena, ndipo kuyabwa, kutupa, chimfine kapena mphumu zimayamba. Poyeza, amatenga magazi pang'ono pamkono n'kuwatumiza ku labotale yokhala ndi makina ake, zimene kwa munthu wa ku Feira zimatanthauza ulendo wa magaziwo, kapena wa mwini wake, kudzera pa Luangwa Bridge ndi Great East Road mpaka ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 300. Ubwino wake ndi wakuti mankhwala oletsa kuyabwa sasokoneza zotsatira, pamene kuyeza kwa pakhungu amakusokoneza.

Pepala la zotsatira limatha kukhala ndi manambala amitundu iwiri. Yoyamba ndi IgE yonse pamodzi, imene malabotale ambiri amaiyesa yabwinobwino mwa munthu wamkulu ikakhala pansi pa 100 kU/L kapena chapomwepo. Yachiwiri ndi IgE yolimbana ndi chinthu chimodzi, monga nsomba, mtedza, dzira kapena fumbi la m'nyumba. Kwa nthawi yaitali malire ake akhala pa 0.35, ndipo manambala opitirira apo amaikidwa m'magawo mpaka gawo 6. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Nambala yokwera imangotanthauza kuti mpata woti munthuyo awengedwe ndi waukulu. Sinena kuti kuwengako kudzakhala koopsa motani, ndipo sitsimikiza n'komwe kuti kudzachitika. Alipo anthu ambiri amene magazi awo amasonyeza IgE ya mtedza koma amadya nsinjiro tsiku ndi tsiku osamva kanthu. Thupi lawo limaudziwa mtedza, koma silimenyana nawo.

Kwa anthu okhala m'mphepete mwa mtsinje, kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwambiri, chifukwa IgE ntchito yake yakale si ya chakudya ayi, ndi yolimbana ndi njoka zam'mimba ndi tizilombo ta likodzo. Mu 1968 Johansson ndi anzake anapeza kuti ana a ku Ethiopia anali ndi IgE yochuluka kuwirikiza kambirimbiri kuposa ana a ku Sweden, makamaka amene anali ndi njoka zam'mimba. Kafukufuku wa ku Gambia wofalitsidwa mu 1991 anasonyeza kuti anthu amene ali ndi IgE yambiri yolimbana ndi likodzo satenganso matendawa msanga akachiritsidwa. Ndipo ku Ghana, kafukufuku wa mu 2013 anapeza ana asukulu ambiri okhala ndi IgE ya mtedza m'magazi, pamene owengedwadi anali owerengeka. Chimene chinkachitika n'chakuti tizilombo ta likodzo tili ndi timashuga tofanana ndi ta m'zomera, ndipo asilikali opangidwira tizilomboto ankagwiranso mtedza wa m'makina oyezera. Mwana wa msodzi amene wakula akusambira m'madzi a nkhono zofalitsa likodzo angalandire pepala lodzaza ndi manambala oopsa, pamene chimene pepalalo likusimba ndi mtsinje, osati mbale yake.

Choncho magazi ndi mboni, ndipo ndi mboni ya mtundu wapadera: imanena zoona, koma pa funso limodzi lokha, lakuti thupi linakumanapo ndi chiyani ndipo lakonzekera chiyani. Pabwalo la mfumu, kaya kwa Mburuma kapena kwa Mphuka, mboni imene inaona munthu akudutsa pamunda siimaliza mlandu wa mbewu zobedwa. Akuluakulu amafunsabe nthawi yake, zimene ananyamula, ndi amene anamuonanso. Dokotala wodziwa ntchito amachita chimodzimodzi: amafunsa chimene chinadyedwa, mphindi zingati zinadutsa, ngati zinachitikapo kale, kenako n'kuyang'ana nambala. Woyamba ndi nambala n'kumafunafuna matenda oti agwirizane nayo wayamba mlandu ndi chigamulo.

Nanga munthu amene wadya chimene analetsedwa, usiku womwewo n'kutuluka ziwengo thupi lonse? Abale ake anganene kuti mizimu yakwiya, a kumpingo kuti lamulo la Mulungu laonekera pakhungu. Kuyeza magazi kungaunikire mbali imodzi, ndipo kuunikirako kumaonetsa chinthu chochititsa chidwi: malire amene thupi limaika sagwirizana ndi malire a mwambo kapena a Levitiko. Chimene chimawenga anthu ambiri mu nsomba ndi puloteni yotchedwa parvalbumin, ndipo imapezeka mu nsomba za mamba ndi zopanda mamba zomwe. Wowengedwa ndi mlamba pa chifukwa chimenechi kawirikawiri pende, nsomba ya mamba, nayenso amamuwenga, ngakhale kuti Levitiko saletsa pende. Palinso kuwengedwa ndi nyama kumene kumayamba munthu akalumidwa ndi nkhupakupa, kumene kunapezeka mwa anthu ambiri ku Mqanduli m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa. Ziwengo zake zimatuluka patapita maola angapo munthu atadya, nthawi zina pakati pa usiku, zomwe zimapangitsa kuti zioneke ngati chilango chochokera kwina. Koma sikusankha nyama ndi dzina la mtundu wa munthu: ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nyama zam'tchire zonse zimamuvutitsa, pamene nkhuku ndi nsomba sizimuvuta.

Izi sizikutanthauza kuti labotale yagonjetsa mwambo. Mwiko wa mtundu sunakhazikitsidwe ngati malangizo a zaumoyo. Umauza munthu kwawo, abale ake ndi amene sangakwatirane naye. Wa Adventist amene magazi ake alibe IgE ya nsomba sanamasulidwe ku chikhulupiriro chake, pakuti iye sasala mlamba poopa kutupa. Chimodzimodzinso nambala yokwera sitsimikiza kuti mwikowo ndi woona. Pamene mwambo kapena mlaliki wanena kuti wodya chakutichakuti adzatupa, wanena chinthu chimene chingayesedwe, ndipo angapezeke wolakwa. Pamene wanena kuti kusala n'kumvera kapena n'kulemekeza makolo, makina alibepo mawu. Ngakhale funso lakale, lakuti bwanji ine osati mbale wanga amene tinadyera mbale imodzi, sayansi imaliyankha pang'ono chabe, potchula chibadwa cha kumtundu ndi zimene munthu anakumana nazo ali mwana.

Kwa okhulupirira kuti thupi linalengedwa bwino, pali vuto lina. Zitheka bwanji kuti mlonda wa thupi aphe mwini nyumba chifukwa cha nthongo ya nsima ya ndiwo za nsomba? Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, ankaphunzitsa kuti choipa si cholengedwa pachokha koma ndi kuperewera kapena kupotoka kwa chabwino. Nkhani ya IgE imagwirizana ndi ganizo limeneli modabwitsa, popeza chida chimene chimateteza msodzi ku likodzo ndi chomwecho chimene chimatseka kukhosi kwa mwana wowengedwa ndi mtedza. Komabe kufotokoza kumeneku kumangonena mtundu wa choipacho, sikunena chifukwa chake chinaloledwa, ndipo amene anaonapo mwana akubanika sangakuyese yankho lokwanira.

Kuwerenga molakwika kuli ndi mtengo wake mbali zonse ziwiri. M'chigwa chotentha ngati ichi, momwe chilala ndi njovu zimatha kumaliza munda, kuchotsa nsomba, mazira ndi mtedza m'zakudya za mwana chifukwa cha pepala lokha n'kumuika pa njira ya kunyentchera. Kumbali inayo, munthu amene anabanikapo atadya chinthu n'kuuzidwa kuti adyenso posonyeza chikhulupiriro, kapena posonyeza kuti sachita mantha ndi zamakolo, ali pa ngozi ya kuwengedwa koopsa kotchedwa anaphylaxis, kumene kumatha kupha m'mphindi zochepa ndipo mankhwala ake oyamba ndi jakisoni wa adrenaline.

Pakatsala chikaiko, achipatala amagwiritsa ntchito njira imene maonekedwe ake amakumbutsa mwavi. Kale m'chigwa cha Zambezi ndi m'madera a Achewa ndi Ansenga, woganiziridwa ufiti ankamwetsedwa khungwa la poizoni: akasanza ankati ndi wosalakwa, akafa ankati ndi mfiti. Boma la atsamunda ku Northern Rhodesia linaletsa zotere ndi lamulo la ufiti la mu 1914. Nayenso dokotala amapatsa munthu chinthu chokaikitsacho n'kudikira kuti thupi liyankhe. Koma mwavi unkafunsa thupi za mtima wa munthu, funso limene thupi silingayankhe, pamene dokotala amalifunsa za chakudya chokha. Amayamba ndi kachidutswa kakang'ono zedi, n'kumawonjezera pakapita mphindi zingapo, adrenaline ali pafupi, ndipo amasiya chizindikiro choyamba chikangooneka. Zotsatira zake nazonso si zamuyaya. Ana ambiri owengedwa ndi mkaka kapena dzira amasiya akamakula, pamene kuwengedwa ndi nsomba kapena mtedza kawirikawiri kumakhalitsa, n'chifukwa chake mwana amayezedwanso pakapita nthawi asanaloledwe kubwerera ku chakudyacho.