Nambala Imene Palibe Angaitchule

Mu Okutobala 2024, Luke Durant wa ku America, mothandizidwa ndi makompyuta ambirimbiri m'gulu la GIMPS, adapeza nambala yosagawika yaikulu kuposa zonse zimene zinkadziwika. Imabwera mukachulukitsa 2 ndi 2 mobwerezabwereza mpaka ma 2 atakwana 136,279,841, kenako n'kuchotsapo 1. Ili ndi madijiti 41,024,320, ndipo palibe nambala yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Kodi kusagawikaku kudayamba tsiku lomwe makinawo adamaliza ntchito? Ine ndikuti ayi. Nambalayi idali choncho munthu asanaphunzire n'komwe kuwerenga zala zake.

Otsutsa si anthu opanda nzeru. Amati manambala tidapeka tokha kuti tizidziwa kuchuluka kwa ng'ombe ndi masiku, ndipo nambala yosawerenga kanthu ndi dzina lopanda mwini. Pamenepa ali ndi mfundo, pakuti maatomu onse a m'chilengedwe chooneka akuyerekezedwa kukhala pafupifupi 1 wotsatidwa ndi maziro 80 okha, choncho nambala ya Durant ilibe choti iwerenge. Koma taonani zimene zidachitikira Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene manambala a mtundu wa imene Durant adapeza amatchedwa dzina lake. Mu 1644 iye adalemba kuti ma 2 okwana 67 akachulukitsidwa n'kuchotsapo 1, chotulukacho n'chosagawika. Mu 1876 Édouard Lucas adatsimikiza kuti chimagawika, ngakhale sadapeze zoigawazo. Adazipeza ndi Frank Nelson Cole mu 1903: 193,707,721 kuchulukitsa ndi 761,838,257,287. Mersenne adalakwa, ndipo kulakwako ndiwo umboni wanga. Wopeka nthano akati Kalulu adakwatira mwana wa mfumu, ndani angamutsutse? Munthu amalakwa pa chinthu chokhacho chimene sichimvera iye.

Ena amati masamu ali ngati bawo: malamulo ndi athu, komabe masewerawo amatidabwitsa. Fanizoli n'lokoma, koma limatsimphina. Malamulo a bawo amasiyana malinga ndi dera, ndipo osewera akagwirizana angawasinthe. Ababulo ankawerenga m'magulu a 60, ife a 10, koma miyala 7 imakana kugawika mofanana kwa anthu awiri kapena atatu, kaya ku Babulo kaya kwathu kuno. Chathu ndi kalembedwe chabe.

Augustine wa ku Hippo adaona zomwezi pa 6, nambala yotchedwa yangwiro chifukwa zoigawa zake kupatula iyo yomwe, 1, 2 ndi 3, zikaphatikizidwa zimabweza 6 yemweyo. Adaphunzitsa kuti ungwirowo sudachokere ku masiku 6 a chilengedwe, koma Mulungu adasankha masikuwo chifukwa nambalayo idali yangwiro kale. Wosakhulupirira angakane za Mulunguzo, koma 1, 2 ndi 3 sangazikane. Ndipo monga Euclid adasonyezera kalekale, nambala yosagawika iliyonse ya mtundu wa Mersenne imabala yangwiro yake. Imene Durant adapeza imabala ya madijiti oposa 82 miliyoni.