Kodi Ungatenge Buku N'kukana Amene Analisunga?



Pali funso limene limandivuta: ukalandira cholowa, uli ndi ngongole yanji kwa amene anakusungira? Mbiri ya Akhristu oyambirira imandithandiza kuliganizira.

Otsatira oyamba a Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) anali Ayuda, ndipo panthawiyo kunalibe Chipangano Chatsopano. Akamati "Malemba" ankanena mabuku a Ayuda: Chilamulo cha Musa, Aneneri ndi Masalimo. Ambiri ankawawerenga m'Chigiriki, m'mabuku otchedwa Septuagint, omwe anayamba kumasuliridwa ku Alexandria zaka zoposa 200 Isa asanabadwe. Ulaliki wawo unkatsamira pamenepo.

Anthu amitundu ina atachuluka mumpingo, ena anayamba kuona ngati mabukuwa ndi katundu wolemera chabe. Marcion wa ku Sinope anafika pophunzitsa kuti Mulungu wa mabuku a Ayuda ndi wina, wa Isa ndi winanso. Anawataya onse, n'kutsala ndi uthenga wa Luka wodulidwadulidwa ndi makalata 10 a Paulo. Kwa iye, tsabola wakale sawawa. Mpingo wa ku Roma unamuchotsa cha m'ma 144, n'kusunga mabukuwo. Apa ndikuti anachita bwino. Mtengo sungadule mizu yake n'kumayembekeza zipatso.

Komatu nkhani sinathere pomwepo. Patangopita zaka zochepa, Justin Martyr, m'buku lake la zokambirana ndi Myuda wotchedwa Trypho, ananena kuti Malembawo salinso a Ayuda koma a Akhristu, poti Ayudawo sakuwamva. Taganizani: anthu akopera mabuku pamanja mibadwomibadwo, kenako wina akuwauza kuti si awonso! Maganizo amenewa anakula, ndipo pambuyo pake anathandiza kudyetsera chidani pa Ayuda ku Ulaya kwa zaka mazanamazana.

Ndiye ndikuona zolakwa ziwiri. China ndi kutaya zakale chifukwa wapeza zatsopano. China, chobisika kwambiri, ndi kutenga zakalezo n'kunyoza wokupatsa, ngati olanda chuma cha masiye aja.

Ife amene timalemekeza Musa, Daud ndi Isa, nkhaniyi isatidutse. Kusiyana chikhulupiriro ndi munthu ndi nkhani ina, kumuchotsera ulemu ndi nkhani inanso. Ungathe kumuuza mnzako kuti "apa sindikugwirizana nawe" popanda kumuyesa mbuli pa buku limene makolo ake analisunga.

Inu mukuti bwanji? Allah ndiye akudziwa bwino.