DZINA LA MPUNGA WA KU KARONGA NDI MSIKA WA M'LAMYA

Mwezi uno tifuna kulingalira nanu za msika umene ulibe bwalo kapena mthunzi wa mtengo, ndiwo msika wokhala m'kati mwa lamya ya m'manja. Ambiri a inu mwaulowa kale, pakuti Facebook ndi WhatsApp zafika ku Kaporo, ku Lupembe, ku Nyungwe ndi ku Chilumba, ngakhale m'midzi momwe magetsi sanafike, kumene munthu alipira kandarama pa sitolo kuti amthirire moto m'lamya mwace. Funso lathu ndi ili: anthu akagulana malonda osaonana nkhope, cimene cisunga cilungamo pakati pao nciani, ndipo woyenera kucisunga ndani?

Malonda a kutali si acilendo ku Karonga. Kampani ya Mandala inamanga sitolo yace pano m'caka ca 1884, nigula minyanga ya njobvu. Ndipo m'zaka za m'ma 1890 nthambo ya telegalafu inapita m'dziko lino kumka ku nyanja ya Tanganyika. Koma nthamboyo inatumikira Boma ndi makampani. Pambuyo pace inadza nyuzipepala ndi wailesi, ndipo izi zinali zonena zokha, ife nkumangomvera. Cacilendo ca masiku ano ndi ici, kuti womvera nayenso ayankha. Ali yense wokhala ndi lamya akhoza kulemba, kujambula, kuyamika ndi kutsutsa, ndipo mau ace aoloka maboma asanu dzuwa lisanalowe.

Tione za mpunga, popeza ndiwo cuma ca anthu a kuno. Kale mlimi wa m'masikimu a Hara, Wovwe kapena Lufilya, akakolola, anali kudikira wogula amene adza ndi galimoto yace, muyeso wace ndi mtengo wace. Ndipo mlimi, posadziwa mtengo wa ku Mzuzu, anabvomera zimene wauzidwa. Lero mai wa ku Kaporo afunsa mlongo wace wa ku Lilongwe mtengo wa thumba asanayankhe wogulayo. Mwina ajambula mpunga wace, naika cithunzi m'gulu la WhatsApp. Wina wa ku Blantyre amtumizira ndarama pa Airtel Money, imene inayamba m'dziko muno m'caka ca 2012, kapena pa Mpamba ya TNM ya m'caka ca 2013. Thumba likwera basi pa mseu wa M1, ndipo malonda atha popanda kulipira nyumba ya sitolo. Momwemonso anyamata ndi amai opita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam aonetsa zitenje ndi nsapato kwa ogula ao katundu asanaoloke mlatho wa Songwe. Ubwino umenewu ngwoona, ndipo sitifuna kuupeputsa monga acita ena amene anyoza ciri conse cimene sanakule naco.

Koma taonani cinthu cimodzi. Cimene cikweza mtengo wa Kilombero ndi fungo lace, limene lidzaza nyumba mphika uli pamoto. Ndipo fungo silijambulika. Pa cithunzi mpunga uli wonse woyera ufanana ndi unzace. Pa msika wa pa boma wogula atapa m'dzanja, nanunkhiza, natafuna kambeu kamodzi. Wa m'lamya sakhoza kutero. Iye agula mau awiri okha, Kilombero ndi Karonga. Ndiko kuti agula dzina.

Tsono dzinali nlayani? Si la munthu mmodzi ai. Linacokera ku cigwa ca Kilombero ku Tanzania, ndipo alimi a kuno analikuza ndi thukuta la zaka zambiri, kufikira kuti m'zaka za m'ma 2010 mpunga wa alimi a bungwe la ku Kaporo unagulitsidwa m'masukulu ndi m'mipingo ya ku Scotland. Liri ngati citsime ca mudzi: onse atungamo, ndipo palibe amene anganene kuti nlanga ndekha. Cifukwa cace munthu amene asakaniza mpunga wopanda fungo pansi pa thumba, naika Kilombero weniweni pamwamba, sanabere wogula yekha. Wabera alimi onse, pakuti wogulayo sadzati, Uje anandinyenga. Adzati, Anthu a ku Karonga ngonyenga. Akulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Onyenga analipo ndi kale lomwe, sitikana. Koma wonyenga wa pa msika wakale anali ndi nkhope, anali ndi amace, anali ndi mfumu yace. Mawa anayenera kukhalanso pansi pa mtengo womwewo, ndipo manyazi anali mlonda wace. Wa m'lamya alibe mudzi. Wina alandira ndarama za matumba asanu alibe ndi munda womwe, cithunzi anacitenga kwa wina, ndipo madzulo nambala yace siyankhanso. Boma linayesa kumbwezera nkhope: lamulo la za malonda ndi upandu wa pa intaneti linakhazikitsidwa m'caka ca 2016, ndipo m'caka ca 2018 bungwe la MACRA linalamulira kuti nambala iri yonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wace. Cinkana kutero, uthenga uja wakuti ndarama ija mutumize pa nambala iyi sunaleke kufika m'malamya mwathu.

Mwina wowerenga ati, Zimenezi nza ogulitsa, ine sindigulitsa kanthu. Dikirani, mbale, pakuti mbali yobvuta ya mlanduwu iri kwa inu. Lamya yapatsa wogula mphamvu imene makolo ace sanakhale nayo, ndiyo yakupha malonda a munthu ndi cala cimodzi. Tiyerekeze kuti mai wina watumiza thumba, ndipo galimoto yafera pa zitunda za Chiweta, kapena madzi adula mseu monga acita kawiri kawiri nyengo ya dzinja. Wogula adikira masiku atatu, mtima upsa, natenga cithunzi ca maiyo, nalemba pansi pace kuti mbala iyi cenjerani nayo. Anthu makumi awiri atumiza uthengawo ku magulu ao, ndipo a m'maguluwo atumizanso. Tsiku lacisanu thumba lifika. Kodi wogulayo adzalondola mau ace m'magulu onse kumene anafika, kukawabweza? Madzi akatayika saoleka.

Pa bwalo la mfumu mlandu suyenda cotero. Wodandaula anena, woimbidwa mlandu aimirira nayankha, mboni zifunsidwa, ndipo nduna sizithamanga. M'lamya mulibe nduna. Mlandu uyamba ndi cilango, ndipo kufunsa kudza pambuyo, kukadza konse. Ndipo onse amene anathandiza kukwapula adzikhululukira ndi mau amodzi: Ine ndinangotumiza, sindinalembe ndine. Ife tiyesa mau amenewa opanda mphamvu. Amene atumiza uthenga kwa abale ace aikapo dzina lace. Iwo aukhulupirira cifukwa wacokera kwa mlamu wao kapena kwa mphunzitsi wao, osati cifukwa ca mlembi amene samdziwa. Wotumiza wakhala mboni, ndipo ndi mboni ya cinthu cimene sanaciona.

Nanga tsono tikhale cete, mbala zidye anthu? Iai. Ici ndico cibvutitsa funsoli, pakuti popeza msikawu ulibe mlonda, cenjezo la wogula wobedwa ndilo lipulumutsa wina. Ndipo amene abedwa nabisa cifukwa ca manyazi asiya msampha uli cichere pa njira. Koma pali kusiyana pakati pa munthu wonena zimene zamgwera iye mwini, tsiku lace, ndarama zace, atayamba wafunsa mnzaceyo ndi kumpatsa nthawi yakuyankha, ndi munthu wotumiza nkhope ya mlendo cifukwa mau ace ngotentha. Woyambayo akhoza kufunsidwa, ndipo akalakwa akhoza kukonza. Waciwiriyo ukamfunsa alibe coyankha koma kuti, Ndinaziona pa gulu.

Tisaiwalenso kuti bwalo limeneli liri ndi mwini wace, ndipo mwiniyo sakhala ku Karonga. Facebook ndi WhatsApp nza kampani imodzi ya ku California, imene kuyambira m'caka ca 2021 ichedwa Meta. Inagula WhatsApp m'caka ca 2014 ndi madola pafupi mabiliyoni 19. Tilowamo osalipira msonkho wa msika, ngakhale bandulo tigula, cifukwa cuma ca kampaniyo cicokera kwa olengeza malonda, amene alipira kuti afike pa maso athu. Cotero makina a Facebook akankhira patsogolo zimene zigwira maso a anthu, ndipo tonse tidziwa kuti ndeu iitana khamu kuposa malonda oyenda bwino. Wogula amene analandira mpunga wonunkhira adya nagona osalemba kanthu. Wokwiya ndiye alemba. Ndipo mwini bwalo akhoza kutseka cipata osatifunsa: pa 4 October 2021 zonse ziwirizi zinazima pa dziko lonse lapansi maola ngati asanu ndi limodzi, ndipo amene ogula ace onse anali m'menemo anangogwira lamya m'manja.

Ocita malonda ena anzeru ayamba kudzimangira mpanda wao. Atumiza kaye kilo imodzi kuti wogula aphike. Ajambula thumba pamodzi ndi nambala ya basi. Alemba maina a ogula ao m'kabuku, osati m'lamya mokha. Ndipo ogula ocenjera afunsa munthu wodziwika amene angaimire wogulitsayo, monga nkhoswe iimira ukwati. Izi zithandiza amene ali ndi lamya yojambula ndi ndarama ya bandulo.

Koma alipo ambiri m'madambo a Wovwe ndi Lufilya, makamaka okalamba ndi amai amasiye, amene lamya yotere sanaigwirepo. Iwo saona cithunzi, samva za gulu, sakhoza kuyankha ponenezedwa dziko lao. Adzangomva wogula wa galimoto alikunena kuti caka cino anthu a ku tauni akukayika Kilombero wa ku Karonga, ndipo cifukwa cace mtengo wa ndowa watsika.