Mwana asanavale zoyera

Zotsatira za mayeso a MSCE zitatuluka, tinasonkhana pakhomo pa achimwene anga kudzasangalala ndi mwana wawo wamkazi amene anakhoza bwino, makamaka Biology ndi Chemistry. Nsima isanafike n'komwe, akuluakulu anali atamusankhira kale tsogolo. Alamu anga anati, "Ameneyu angopita ku unamwino basi, kumeneko munthu sasowa ntchito." Abambo ena a kumpingo amene anabwera kudzatitsogolera pemphero anapukusa mutu. "Mayi, unamwino si ntchito wamba, ndi maitanidwe. Wopanda maitanidwe asayerekeze." Mwini nkhani anali kukhitchini akupakula ndiwo, ndipo palibe anamufunsa.

Mawu awiri amenewa akhala akundizunguza. Ndinene msanga pomwe ndaima. Unamwino ndi ntchito yabwino, imodzi mwa zochepa m'dziko muno zimene munthu amaweruka akudziwa kuti wina wagona ali moyo chifukwa cha manja ake. Mwana amene akuufuna sindingamugwetse ulesi. Koma alamu anga ndi abambo a kumpingo aja, aliyense mwa njira yake, amanamiza ana, ndipo ana onamizidwawo ndi amene timadzawapeza m'mawodi patapita zaka ali okwiya ndi aliyense.

Zoti namwino sasowa ntchito zinali zoona kale, pamene boma linkalemba pafupifupi aliyense wotsiriza maphunziro. Lero sukulu zachuluka. Kamuzu College of Nursing, imene inatsegulidwa mu 1979, inaphatikizana ndi College of Medicine mu 2021 n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ku Mzuzu University amaphunzitsanso. Palinso Malawi College of Health Sciences, kenako makoleji a mipingo a pansi pa CHAM: Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona ndi ena. Wa digiri amatha zaka zinayi, wa dipuloma ya unamwino ndi uzamba zaka zitatu, ndipo onse sangagwire wodwala mwalamulo asanakhoze mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Akakhoza, ambiri amabwerera kwa makolo kukadikira. M'zipatala anamwino ndi operewera, zimenezo aliyense amene anaimapo pamzere akudziwa, koma kuperewera kwa anthu ndi kupezeka kwa ndalama zowalipirira ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ndiye mumapeza wodi ili ndi namwino mmodzi, pomwe kuseri kwa mpanda wa chipatala chomwecho kuli mtsikana wa layisensi yake akugulitsa kaunjika. Ena amagwira lokamu, yolipidwa pa shifiti, ndalama zake zobwera mochedwa. Ena analembedwa ndi mapulojekiti a mabungwe, ndipo mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, ambiri mwa iwo anauzidwa kuti ayambe akhala kaye kunyumba.

"Ndiye adzapita kunja," amatero makolo, maso akuwala. Njira imeneyo ilipodi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu a maphunziro apamwamba anakhamukira ku Britain mpaka boma linachita mantha. Mu 2004, mothandizidwa ndi Britain yemweyo pamodzi ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera yowonjezera ogwira ntchito zaumoyo, ndipo chaka chotsatira malipiro awo anawonjezeredwa ndi 52 peresenti. Zinathandiza kwa kanthawi. Koma kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo malipiro a namwino wa boma, monga a mphunzitsi, amatha mwezi usanafike pakati. Kunjako nako chitseko n'chopapatiza. Malawi ali pa mndandanda wa bungwe la WHO wa maiko amene ogwira ntchito zaumoyo ndi ochepetsetsa, kotero zipatala za ku Britain siziloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno. Munthu akhoza kudzifunsira yekha, atalipira mayeso a Chingerezi ndi ena otero, ndipo wa digiri ndiye amadutsa mosavuta kuposa wa dipuloma. Mwana amene akulowa unamwino ndi cholinga cha ndege ayenera kuuzidwa zimenezi asanasankhe koleji.

Ubwino wake tsono? Ine ndinakulira kufupi ndi chipatala chaching'ono cha mishoni, ndipo mayi amene anali namwino kumeneko ankadziwika kuposa amfumu. Akadutsa pamsika atavala zoyera, amayi ankasiya kupeta n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Theka la ana a m'kalasi mwathu anatulukira m'manja mwawo, ndipo ankatiitana ndi maina a amayi athu. Ulemu wotere wachepa, koma ntchito ya namwino yakula. Pachipatala chaching'ono chakumudzi, dokotala amene munthu amamuona ndi clinical officer kapena medical assistant, ndipo nthawi zambiri usiku amene alipo ndi namwino yekha. Iyeyo ndiye ayeze mayi woyembekezera kusikelo, abereketse, aone kuti magazi akutayika mopitirira n'kuimbira ambulansi, atsitsimutse khanda lobadwa losalira, apereke LA, aike diripi. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, dziko silikanakwanitsa kudikira madokotala, choncho ntchito yoyambitsa anthu mankhwalawa inapatsidwanso kwa anamwino. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo pa mankhwala a moyo wonse, njira imene maiko ena anatengera pambuyo pake, ndipo amene anaisenza tsiku ndi tsiku anali anamwino a kusikelo. Kafukufuku wa mu 2000 anapeza kuti amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, pomwe wa mu 2015 ndi 2016 anapeza 439, ndipo amayi 91 mwa 100 aliwonse anali akuberekera kuchipatala. Manambala amenewa nduna zimawatchula pamisonkhano, koma anapangidwa ndi anthu ogona tulo ta nkhuku m'maleba. Mwana wa zaka 25 amene akufuna ntchito yogwirika ndi manja, yoti zotsatira zake azione ndi maso, sangaipeze mu ofesi ina iliyonse.

Koma pali chinthu chimene chimandilepheretsa kuyankhula momasuka, ndipo ndikudziwa kuti owerenga afika nacho kale pakamwa: mwano. Funsani mayi aliyense amene anaberekera kuchipatala cha boma, ngati sizinamuchitikire iye, akuuzani za mnzake. Kukalipiridwa uli pa ululu, kufunsidwa ngati namwino analipo pamene unkatenga mimbayo, kumenyedwa pantchafu, kusiyidwa wekha mwana mutu utaoneka. Ine ndinadikirirapo mayi anga pachipatala china chachikulu. Wodi inali yodzaza, odwala ena pansi, ife odikirira tikugona m'mipata ya mabedi. Pakati pa usiku diripi ya mayi inatha, magazi n'kuyamba kubwerera mu kachubu. Nditapita kukaitana namwino, anandiyankha osandiyang'ana: "Mukuona ngati ndili ndi manja angati?" Mawu amenewo amandiwawabe. N'zoona kuti usiku umenewo anali yekha wodi yonse, ndipo nthawi imene ndinkamuitana anali pa bedi la munthu amene sanafike m'mawa. Koma kudziwa zimenezo sikunachotse kuwawa kwa mawuwo, ndipo sindikufuna kuti kuchotse. Kutopa kukhoza kufotokoza kuchedwa, sikungafotokoze kutukwana mayi amene akubereka.

Apa ndiye abambo a kumpingo aja amaoneka ngati apambana. Ngati ana akulowa unamwino chifukwa choti anasowa malo kwina, kapena chifukwa azakhali anati kuli ntchito, bwanji tidabwe akamaona wodwala ngati chopinga pakati pa iwo ndi tulo? Mfundo imeneyi sindingaitaye yonse. Alipo anthu amene sanayenere kuyandikira bedi la wodwala, ndipo makoleji amawadutsitsa chifukwa mayeso a pepala amakhoza.

Komabe ndikaonetsetsa, sindipeza kuti maitanidwe ndiwo mankhwala ake. Choyamba, palibe angawayeze. Pa intavyu aliyense amanena kuti kuyambira ali mwana ankafuna kuthandiza odwala. Chachiwiri, mwa anamwino amene ndimawadziwa, ena amene analowa ndi mtima woyaka kwambiri ndi amene anazirala msanga. Anabwera akuyembekeza kuthokozedwa, n'kupeza kuti magolovesi atha, mpweya wa oxygen kulibe, ambulansi ilibe mafuta, ndipo mwana akamwalira abale ake amaloza iwo, popeza nduna ndi mkulu wogula mankhwala sapezeka m'wodi. Mtima wabwino ukakhumudwitsidwa tsiku ndi tsiku popanda woumvera, umauma. Amene ndawaona akukhalitsa ali aulemu ndi aja amene amautenga unamwino ngati luso: amadziwa chochita, amachichita mwa ndondomeko kaya wodwalayo amukonda kaya ayi, amalemba zonse mu fayilo, akaweruka amapita kunyumba n'kukagona. Ulemu wawo kwa wodwala ndi mbali ya ntchito, ngati kusamba m'manja. Sudikira kuti mtima ukhale bwino tsiku limenelo.

Ndipo mawu oti maitanidwe ali ndi ntchito ina imene sindiikonda: amatsekera anthu pakamwa. Mu Epulo 2020, Covid-19 itangofika, ogwira ntchito m'zipatala za boma ananyanyala pofuna zodzitetezera ndi alawansi ya chiopsezo. Ndinamva anthu ophunzira bwino akunena kuti anamwino aiwala lumbiro lawo, kuti walira mvula walira matope. Koma amene analumbira kusamala odwala sanalumbire kufa chifukwa chosowa masiki. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya dziko lino, inapha anthu oposa 1,700, ndipo amene ankasinthanitsa ndowa m'matenti, namondwe Freddy atawonjezera mavuto ake mu Malichi 2023, anali anthu omwewa. Pa 12 Meyi chaka chilichonse timawayatsira makandulo pokumbukira Florence Nightingale, timawatcha angelo, kenako bungwe lawo la NONM likatchula za malipiro timati akonda ndalama. Loya akatchula mtengo wake palibe amamufunsa za maitanidwe.

Ndinayamba ndikuganiza kuti funso ndi loti mwana ali ndi mtima wotani. Tsopano ndikuona kuti funso lothandiza ndi loti waona chiyani. Mnyamata kapena mtsikana amene akulingalira za unamwino (anyamata nawo alowa ambiri masiku ano, ndipo azamba aamuna sakudabwitsanso) adzipereke kukadikirira wachibale m'wodi ya boma, agone komweko. Amve fungo la bala lonyeka, aone mmene amasinthira munthu wamkulu amene wadziipitsira, aone thupi likukulungidwa pamene ena akudya phala pa bedi loyandikana nalo. Afunse namwino wa pamenepo zimene zimachitika singano ya wodwala ikakubaya, za masiku 28 akumwa PEP uli ndi nkhawa. Afunse za naiti, za Khirisimasi ya kuntchito, za kutumizidwa kuchipatala cha kutali kumene nyumba yake ikudontha ndipo magetsi akazima umabereketsa ndi tochi ya foni ili pakamwa. Afunsenso za sukulu: wa dipuloma akhoza kudzawonjezera maphunziro n'kufika pa digiri, ena amakhala aphunzitsi a anamwino, ena akatswiri a ana, a kuthiyeta kapena a matenda a maganizo, koma mpata wake umalimbiranidwa ndipo zaka zimapita. Akaona zonsezi n'kunenabe kuti ndikufuna, ameneyo apite, ndipo tisamufunse ngati anamva liwu usiku.

Pali china chimene makolo sitinena poyera. Banja lililonse limafuna kukhala ndi munthu wake kuchipatala. "Tili ndi wathu ku Central" ndi mawu amene amatsegula zitseko, amadumphitsa mzere, amapezetsa bedi ndi mankhwala amene kwa ena atha. Nthawi zambiri pamene tikukankhira mwana ku unamwino, tikudzikonzera tokha njira imeneyi. Mwanayo akadzayamba ntchito, foni yake sidzazima. Amalume adzafuna awaonetse kwa dokotala lero lomwe, apongozi adzatumiza chithunzi cha chotupa pa WhatsApp pakati pa usiku, odwala ochokera kumudzi adzafikira kunyumba kwake n'kudya malipiro aja, ndipo tsiku limene adzanene kuti imani pamzere ngati wina aliyense, uthenga udzafika kumudzi woti mwana uja sukulu inamuwononga.