Mnansi wa pa Khomo ndi Mnansi wa mu Chapa

Titamanda Allah amene watisonkhanitsanso pa tsiku lino la Jumu'a, ndipo timupempha kuti madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri a ife amene takhala pa mphasa zino michombo yathu inagwera kwina. Ena kwathu ndi ku Angónia ndi ku Tsangano, ena ku Lichinga ndi m'mbali mwa nyanja ya Niassa, ena ku Nampula ndi ku Quelimane. Alipo analowera pa Zóbuè kuchokera ku Mangochi, aliponso a ku Somalia ndi ku Pakistan amene amatigulitsa mpunga ndi mafuta. Chinatikumanitsa kuno ku Matundo si chibale ayi. Ndi malasha a ku Moatize, amene Vale inayamba kukumba mu 2011, ndi msewu waukulu umene umanyamula katundu wa mayiko atatu. Anyungwe, eni dera lino, anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti pa mpopi pakumveka ziyankhulo zisanu.

Moyo wathu mukuudziwa. Tikangotha swala ya Fajr tili kale pa paragem. Ena awoloka mlatho wa Samora Machel kupita ku maofesi ndi misika ya m'tauni, ena awoloka Revúbuè kupita ku migodi. Tibwerera Maghrib itadutsa, thupi litaphikika ndi dzuwa la Tete, tikungofuna madzi ndi mphasa. Mu mpanda umodzi muli zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi, bafa limodzi, chingwe chimodzi choyanikapo zovala. Amene anali m'chipinda cha pakona mwezi watha wachoka, kontirakiti yake yatha; walowamo wina amene timangomudziwa ndi nsapato zake za ku mgodi zimene amazisiya pa khomo. Bairro yasanduka malo ogona basi.

Funso la lero ndi ili: kodi munthu amene dzina lake sitilidziwa, chiyankhulo chake sitichimva, sapembedza monga ife, ndipo mwina asamuka mwezi wa mawa, ali ndi haki yanji pa ife?

Kumudzi funsoli silinkafunsidwa, chifukwa woyandikana naye nyumba anali mbale, kapena mlamu, kapena mdzukulu wa bwenzi la agogo. Makolo anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Ndi mawu anzeru, koma taonani pamene atsamira: atsamira pa mawa. Amagwira ntchito pamene anthu awiri akudziwa kuti adzakalambira pamodzi. Kuno mawa limenelo kulibe. Amene wamuzimira ndevu lero adzakhala ali ku Nacala kapena ku Beira pamene zako zidzagwire moto. Chinansi chikakhala ngongole yobwezerana, ndiye kuti m'bairro ngati yathu chafa kale.

Chisilamu sichinamange haki ya mnansi pa kubwezerana. Mu Surat an-Nisa, ayah 36, Allah atalamula kuti apembedzedwe Yekha, akutchula amene tiyenera kuwachitira zabwino, kuyambira makolo, achibale, ana amasiye ndi osauka. Kenako akutchula anansi m'magulu awiri, wapafupi ndi wakutali, n'kuonjezapo munthu amene ali pambali pathu ndi wapaulendo. Omasulira Qur'an anasiyana pa tanthauzo la wakutaliyo. Ena anati ndi amene palibe chibale pakati pathu ndi iye, ena anati ndi amene si Msilamu. Matanthauzo onse awiri akuloza munthu wa m'chipinda cha pakona uja. Ndipo palibe pamene ayah imeneyi ikufunsa kuti wakhala nafe zaka zingati.

Tiyime pang'ono pa munthu wa pambali. Ambiri mwa omasulira akale anati ndi amene tayenda naye ulendo umodzi. Iwo ankaganiza za ngamila ndi masiku ambiri m'chipululu. Ife ulendo wathu ndi wa mphindi makumi awiri kapena atatu, anthu anayi pa mpando wa anthu atatu, bondo pa bondo, dengu la nsomba za wina lili pa miyendo yathu. Amene wakhala nafe mu chapa ndi mnansi mpaka atatsika. Tsono mwamuna amene amakankha mayi wobereka mwana kumsana kuti alowe iye poyamba, kofia ili kumutu, adziwe kuti waphwanya haki. Amene amapezerapo mwayi pa kuthinana kuti akhudze mkazi wa mwini, amene waona cobrador wabweza chenji yopitirira n'kukhala chete, amene amatukwana dalaivala m'chiyankhulo chimene akuganiza kuti ena sakumva, onsewa alakwira mnansi, ndipo swala imene anapemphera ola limodzi lapitalo sinatsike nawo pa msewu.

Ma ulama anagawa anansi motere: Msilamu amene ndi wachibale ali ndi mahaki atatu, Msilamu amene si wachibale ali ndi awiri, ndipo amene si Msilamu ali ndi imodzi, ya chinansi. Ena akamva zimenezi amangosunga mawu akuti imodzi, ngati kuti imodziyo ndi nyenyeswa. Koma ndi haki yomweyi imene Jibril anapitiriza kumukumbutsa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, mpaka Mtumikiyo anaganiza kuti mnansi adzapatsidwa gawo pa chuma cha masiye, monga zikupezeka mwa Bukhari ndi Muslim. Abdullah ibn Amr, atazinga nkhosa kunyumba kwake, anafunsa mobwereza ngati mnansi wake Myuda wapatsidwa nyama. Za malire a chinansi, ena mwa ophunzira oyambirira anati ndi nyumba 40 mbali iliyonse. Boma lathu linatiika m'magulu a nyumba khumi, lililonse ndi mkulu wake. Tisanafike pa 40, adzifunse yense ngati angatchule mayina a eni nyumba khumi zimenezo.

Tikudziwa chimene chili m'mitima ya ena, ndipo si chopanda pake. Mukuti: Shehe, mnansi wanga ali ndi barraca, nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba, oledzera amakodzera pa mpanda wanga. Wina akuweta nkhumba kuseri kwa khitchini yanga. Tchalitchi cha pafupi chimachezera usiku wonse ndi ng'oma. Ana anga akuona zonsezi. Kodi si bwino kukweza mpanda, kuikapo mabotolo osweka, n'kudziwana ndi Asilamu okhaokha?

Pa chikhulupiriro sitisuntha. Sitimwa kuti tikondweretse munthu, sitidya chimene chaletsedwa chifukwa cha manyazi, ndipo ana athu tiyenera kuwauza momveka chimene ndi halali ndi chimene ndi haramu. Koma mpanda wautali suphunzitsa mwana chikhulupiriro. Umangomuphunzitsa kuti kunja kuli adani, ndipo tsiku limene adzapeze kuti mwana wa mwini barraca ndi amene amamubwereka kope kusukulu, adzayamba kukayikira zonse zimene tinamuuza. Hasan al-Basri ankaphunzitsa kuti chinansi chabwino sichithera pa kusavutitsa ena, chimafika pa kupirira zovuta zochokera kwa iwo. Kupirira sikutanthauza kukhala chete. Kumatanthauza kugogoda pa khomo masana, mitima ili pansi, kupereka moni m'Chinyungwe kapena m'Chipwitikizi, n'kunena za mwana wodwala amene sakugona. Kwa mlembi wa bairro tipite pamene khomo lakana. Nkhani zambiri zimafika kwa mlembi anthu ake asanapatsanepo moni ndi kamodzi komwe.

Ndipo sikelo imene tiyezera phokoso la ena tiyezerenso lathu. Adhana ndi chizindikiro cha dini, ndi ya mphindi zochepa, ndipo sitiisiya. Koma kutsegula zokuzira mawu nthawi ya 4 koloko m'mawa ndi kaseti ya ola lathunthu, lipenga litaloza m'mawindo a anthu amene angofika kumene kuchokera ku shifiti ya usiku, zimenezo palibe anatilamula. Bilal ankakwera pa denga la nyumba yaitali pafupi ndi mzikiti wa ku Madina, ndi mawu a pakhosi pake basi. Namwino wachikhristu amene wachezera m'chipatala ali ndi haki ya tulo, monga mmene ife tilili ndi haki ya tulo pamene tchalitchi chikuimba.

Pali china chimene chatilemera chiyambire Okutobala 2017, pamene zida zinalira ku Mocímboa da Praia. Kanzu ndi ndevu zinayamba kuyang'anidwa ndi diso lina, ngakhale kuti ambiri mwa amene anaphedwa ndi kuthawa kwawo ku Cabo Delgado ndi Asilamu anzathu. Mnansi amene anadyapo futari yathu sakhulupirira msanga mphekesera za pa WhatsApp. Izi n'zoona, koma tisazisandutse chifukwa chochitira zabwino. Mbale ya mpunga yoperekedwa kuti atiganizire bwino ndi malonda, ndipo wolandirayo amadziwa kusiyanitsa.

Pomwe chinansi cha m'tauni chimayesedwa kwenikweni ndi pa imfa. Mnyamata wa lendi akafa m'chipinda chake, kwawo kuli makilomita mazanamazana, ndani adzadziwe? Ngati ndi Msilamu, kumusambitsa, kumuveka sanda, kumuswalira ndi kumuika ndi fardh kifaya: ena akachita tonse tapepukidwa, onse akasiya tonse tasenza tchimo. Ngati si Msilamu, mwambo wa pemphero ndi wa anthu ake, koma kutunga madzi, kubwereka mipando, kusonkha ya galimoto yonyamula thupi ndi kukhala pansi ndi ofedwa palibe chotiletsa. Mtumiki anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, ndipo atauzidwa kuti ndi Myuda anawakumbutsa kuti nayenso anali mzimu wa munthu.

Mayi Aisha anafunsapo kuti, mwa anansi awiri, mphatso iyambire kwa uti, ndipo anauzidwa kuti kwa amene khomo lake lili pafupi. Kwa ambiri a ife khomo limenelo lili mapazi asanu kuchokera pa lathu, ndipo mwini wake amapezeka Lamlungu masana okha. Inu amene muli ndi nyumba za lendi, lembani dzina la aliyense wokhala mu mpanda mwanu ndi nambala ya m'bale wake mmodzi, Msilamu ndi amene si Msilamu, musunge pamalo podziwika. Akuluakulu a komiti atsalire pambuyo pa swala kuti tikambirane za kumene lipenga la kum'mawa laloza ndi nthawi yolitsegulira.