Zimene Galu wa pa Malaya Angatiphunzitse

Ambirife tinamuonapo galu woyera wa makutu akuda uja, mwina pa malaya a pakaunjika, mwina pa chikwama cha mwana wasukulu. Dzina lake ndi Snoopy, wa m'nthano yojambula yotchedwa Peanuts, imene Charles Schulz wa ku America anaiyamba pa 2 Okutobala 1950 m'nyuzipepala 7 zokha. Mlengi wake anapita, koma makampani akulipirabe kuti awalole kuika galuyu pa katundu wawo. Kodi akugula chiyani kwenikweni?

1. Dzina labwino limamangidwa tsiku ndi tsiku. Schulz anajambula yekha tinkhani 17,897 pa zaka pafupifupi 50. Dzanja lake litayamba kunjenjemera, mizere nkumapindika, sanapatsire wina cholembera. Anamwalira pa 12 Febuluwale 2000, ndipo m'mawa mwake nkhani yake yomaliza inatuluka. Wogula chilolezo cha Snoopy lero akugula chikondi chimene munthu mmodzi anachisonkhanitsa m'mawa uliwonse atakhala pa tebulo lake. Nanga ife, ntchito yathu ya Lachiwiri wamba, yopanda woiombera m'manja, timaigwira motani?

2. Mtima umakonda woona, ngakhale akhale wogonja. Mwini galuyu, Charlie Brown, ndi mwana amene zinthu sizimuyendera. Mnzake Lucy amamugwirira mpira pansi kuti aumenye, akumulonjeza kuti ulendo uno sauchotsa. Iye amathamanga ndi mphamvu zonse, Lucy nkuuchotsa, iye nkugwa chagada. Chaka chamawa amabweranso. Ndani wa ife sanagwepo chotere, pa mayeso, pa geni, pa chibwenzi? Timamukonda chifukwa amadzuka wopanda chidani, ndipo ana athu ayenera kutionanso ife tikudzuka motero.

3. Tisagulitse chinthu tisanadziwe mtengo wake. Mu 1938, anyamata awiri, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anapereka umwini wa Superman, ngwazi ya m'nthano yojambula imene anaiyamba okha, pa madola 130. Ena analemera naye, eni akewo nkukalamba movutika. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Tisanasaine pepala lililonse, tiwerenge, tifunse.

4. Aliyense adziikire malire ake, ndipo awasunge. Schulz analola kuti Snoopy atsatse malonda. Kampani ya inshuwalansi ya MetLife inamugwiritsa ntchito kuyambira 1985 mpaka 2016. Komabe nkhani ya m'nyuzipepala anaisunga m'manja mwake, ndipo anafuna kuti wina asadzaipitirize iye atasiya. Bill Watterson, amene anajambula nthano ina yotchedwa Calvin and Hobbes kuyambira 1985 mpaka 1995, anasankha njira ina. Anakana zidole, anakana malaya, ngakhale ndalama zinali chikhalire pakhomo pake, poopa kuti kamnyamata kake ndi kambuku wake angasanduke otsatsa malonda. Ine sindimuweruza aliyense mwa awiriwa, ngakhale mtima wanga umapendekera kwa Watterson. Onse anadziwa chimene sakanachigulitsa, ndipo anachidziwa wogula asanagogode. Ifenso tili ndi luso, nthawi, malo a makolo, mawu athu. Kodi mwa zimenezi, ndi chiti chimene tinachiikapo kale chizindikiro choti sichogulitsa?